X-ray yochokera ku nyenyezi zakufa sinaulule kuti dark matter n'chiyani

Okondedwa a Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene imabwerabwera m'masamba a za sayansi, yonena kuti akatswiri a zakuthambo atsala pang'ono kugwira chinthu chosaoneka chimene amachitcha dark matter, ndiponso kuti achigwira poyang'ana kuwala kwa X-ray kochokera ku nyenyezi zimene zidaleka kuyaka. Ntchitoyo ilipodi ndipo ndi yanzeru, koma pofotokoza olemba ambiri amadumpha mfundo imodzi, moti wowerenga amatsala akuganiza kuti mlandu wagamulidwa pamene mboni zikadaitanidwa. Kafukufuku wa X-ray amene watchuka kwambiri safuna dark matter yeniyeniyo. Amafuna kudziwa ngati kanthu kena, kamene anthu akukaganizira kuti mwina ndiko dark matter, kaliko n'komwe m'chilengedwe. Mafunso awiriwa ndi pachibale, koma yankho la limodzi silikhala yankho la linzake.

Zifukwa zokhulupirira kuti dark matter ilipo n'zolimba, ndipo sindikuzitsutsa. Mu 1933 Fritz Zwicky adayeza liwiro la milalang'amba ya m'gulu lotchedwa Coma, ndipo adapeza kuti ikuthamanga kwambiri moti mphamvu yokoka ya nyenyezi zooneka zokha sikadatha kuigwira pamodzi. M'zaka za m'ma 1970 Vera Rubin ndi Kent Ford adaonetsa kuti nyenyezi za m'mphepete mwa mlalang'amba wa Andromeda ndi milalang'amba ina zimazungulira mwachangu ngati zimene zili m'katikati, pamene zikadayenera kumayenda pang'onopang'ono chifukwa chotalikira pakati. Mu 2006, pophunzira magulu awiri a milalang'amba amene adawombana, odziwika ndi dzina loti Bullet Cluster, ofufuza adaona kuti mpweya wotentha, umene umawala mu X-ray, udatsalira pakati, pamene kulemera kwakukulu kudapitirira kutsogolo osagundana ndi kanthu. Miyeso ya setilaiti ya Planck ikusonyeza kuti pa magawo 100 a zonse za m'chilengedwe, pafupifupi 5 okha ndiwo zinthu zopangidwa ndi maatomu, pafupifupi 27 ndi dark matter, ndipo otsalawo ndi mphamvu ina imene ikufulumizitsa kufutukuka kwa chilengedwe. Umboni wonsewu ukuchokera ku mphamvu yokoka basi. Ukutiuza kuti chinthucho n'cholemera bwanji ndiponso chili kuti, koma sukutiuza kuti n'chopangidwa ndi chiyani.

Kwa zaka zambiri chiyembekezo chidali pa tinthu tolemera totchedwa WIMP, ndipo makina akuluakulu adakwiriridwa pansi pa nthaka kuti atidikirire: XENONnT pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy, LZ mumgodi wakale wa golide ku South Dakota, ndi PandaX ku China. Mpaka lero sadagwire kanthu kotsimikizika. N'chifukwa chake maso a ambiri atembenukira ku kanthu kena kopepuka kwambiri kotchedwa axion. Kanthu aka sikadaganiziridwe pofuna kufotokoza milalang'amba ayi. Mu 1977 Roberto Peccei ndi Helen Quinn ankalimbana ndi vuto lina la mphamvu imene imamanga pakati pa atomu, ndipo chaka chotsatira Steven Weinberg ndi Frank Wilczek, aliyense payekha, adazindikira kuti ngati maganizo a awiriwo ali oona, payenera kukhala kanthu katsopano kopepuka, kopanda mphamvu ya magetsi, kamene kamadutsa m'zinthu pafupifupi osakhudza chilichonse. Pambuyo pake ndi pamene zidadziwika kuti tinthu totere tikadapangika tambirimbiri chilengedwe chitangoyamba, tikadatha kukhala dark matter.

Chimene chimapatsa ofufuza pogwira n'chakuti axion, ikalowa m'dera la mphamvu yaikulu ya maginito, nthawi zina imasanduka kuwala, ndipo kuwalako kumatenga mphamvu yonse imene axion idali nayo. Pierre Sikivie ndiye adalongosola mu 1983 momwe khalidwe limeneli lingagwiritsidwire ntchito. Ku CERN, malo a kafukufuku wa tinthu ting'onoting'ono a ku Ulaya, makina otchedwa CAST adayamba mu 2003 kuloza maginito a matesla pafupifupi 9 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito) ku dzuwa potuluka ndi polowa, ndi chiyembekezo chakuti ma axion opangidwa pakati pa dzuwa asanduka X-ray m'kati mwa chipangizocho. Sadaone kanthu, koma adaika malire a kukula kwa mgwirizano wa axion ndi kuwala, ndipo malirewo akugwirabe ntchito monga poyambira. Vuto lake n'lakuti maginito opangidwa ndi anthu ndi ofooka ndiponso aafupi. Mwayi wakuti axion isanduke kuwala umakula mofulumira maginito akakhala amphamvu ndipo dera lake likakhala lalitali, ndiye munthu wofuna maginito oposa amene fakitale iliyonse ingapange ayenera kuyang'ana kumwamba.

Apa ndi pamene nyenyezi za manyutroni zikulowa m'nkhaniyi. Nyenyezi yaikulu ikatha mafuta ake n'kuphulika, pakati pake pamafinyika n'kukhala mpira wa manyutroni, tinthu topezeka pakati pa atomu, wa makilomita pafupifupi 20 m'mimba mwake, koma wolemera kuposa dzuwa. Yoyamba idapezeka mu 1967 ku Cambridge, pamene Jocelyn Bell Burnell adaona mafunde a wailesi obwera mobwerezabwereza pa nthawi yofanana. Maginito a nyenyezi zotere amafika matesla 100 miliyoni ndi kupitirira, pamene makina ojambulira m'thupi a MRI a m'zipatala amagwira ntchito ndi matesla 1.5 kapena 3. Pakati pake m'potentha madigiri mamiliyoni ambirimbiri, ndipo manyutroni akamagundana mmenemo angathe kutulutsa ma axion, ngati ma axion aliko. Kuwala kopangidwa m'kati motero sikungatuluke msanga, koma axion imadutsa m'nyenyezi yonse popanda choitsekereza, kenaka n'kulowa m'dera la maginito lozungulira nyenyeziyo, kumene ina mwa iyo ingasanduke X-ray. Kuwala kumeneko kukadanyamula chizindikiro cha kutentha kwa pakati pa nyenyezi osati kwa pamwamba pake, ndipo kusiyana kumeneku ndiko ofufuza akusaka.

Nyenyezi zambiri za manyutroni sizoyenera ntchitoyi chifukwa ndi zaphokoso. Zina zikumeza mpweya wochokera ku nyenyezi inzake, zina zikuponya tinthu tamagetsi mwamphamvu, ndipo zonsezi zimatulutsa X-ray yochuluka imene ingakwirire chizindikiro chofooka cha axion. Koma pali zisanu ndi ziwiri zimene setilaiti ya ku Germany yotchedwa ROSAT idazipeza m'zaka za m'ma 1990, zimene akatswiri amazitcha Magnificent Seven. Zili zokhazokha, zilibe mnzake wozungulirana naye, sizimveka pa mafunde a wailesi, ndipo kuwala kwawo kumaoneka ngati kongochokera ku kutentha kwa pamwamba pawo, kumene kuli pafupifupi madigiri miliyoni imodzi kapena kucheperapo. Yowala kwambiri ndi RX J1856.5-3754, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 400 kuti kutifike. Mphamvu ya X-ray imayezedwa ndi muyeso wotchedwa keV, ndipo pa kutentha kotero pafupifupi kuwala konse kumayenera kukhala kosapitirira 1 keV. Kupitirira 2 keV sikuyenera kuoneka kanthu.

Christopher Dessert, Joshua Foster ndi Benjamin Safdi atafukula zimene makina a m'mlengalenga ojambulira X-ray otchedwa XMM-Newton ndi Chandra adajambula m'zaka zapitazo, adapeza kuti pakati pa 2 ndi 8 keV pali kuwala kowonjezera, makamaka kochokera ku RX J1856.5-3754 ndi RX J0420.0-5022. Kumayambiriro kwa 2021, Malte Buschmann, Raymond Co, Dessert ndi Safdi adasindikiza m'magazini ya Physical Review Letters kuti ma axion angathe kufotokoza kuwala kowonjezerako. Ndikupempha owerenga aone bwino mawu akuti angathe. Eni ake a kafukufukuyo sadanene kuti apeza axion, ndipo adatchula okha zinthu zina zimene zingabale chizindikiro chofananacho. Nkhani itachoka m'manja mwawo n'kufika m'mitu ya nkhani za pa intaneti, mawu ochenjerawo adayamba kufufutika.

Zinthu zinazo si zachibwana, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Makina ojambulira X-ray amawerenga kuwala kadontho kamodzikamodzi, ndipo madontho amene akukanganirana pano ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi unyinji wa madontho ofooka ochokera pamwamba pa nyenyezi. Madontho awiri ofooka akagwera pa malo amodzi a kamera pa nthawi imodzi, makina amawalemba ngati dontho limodzi lamphamvu, ndipo pamenepo munthu amaona X-ray yamphamvu imene kumwambako kulibe. Akatswiri amalidziwa vutoli ndipo amaliwerengera, koma nyenyezi ikakhala yowala kwambiri kuwerengerako kumavuta. Kungathekenso kuti kumbuyo kwa nyenyeziyo, kutali kwambiri, kuli mlalang'amba wotulutsa X-ray umene wangogwera pa mzere umodzi ndi maso athu. XMM-Newton imasonkhanitsa kuwala kochuluka koma siona mwakuthwa, pamene Chandra imaona mwakuthwa koma imasonkhanitsa kochepa, ndiye kuthetsa kukayika kumeneku kumafuna kuti makina onse awiri agwirizane pa nyenyezi iliyonse. Chinanso, chimene ine ndimachiona cholemera kuposa zonse, n'chakuti nyenyezi izi mwina sizili chete monga tinkaganizira. Zimazungulira, zili ndi maginito amphamvu, ndipo palibe lamulo loletsa kuti zizithamangitsa maelekitironi pang'ono monga zimachitira zinzake zaphokoso zija. Mu 2022 gulu lina la ofufuza lidasonkhanitsa zimene XMM-Newton idajambula ku RX J1856.5-3754 pa zaka pafupifupi 20, lidapezanso kuwala kowonjezerako, koma lidaonetsa kuti kungathe kufotokozedwa ndi zochitika za pa nyenyezi zodziwika kale popanda kuitana kanthu katsopano.

Palinso kufooka kwina kumene sikutchulidwa kawirikawiri. Palibe amene adayezapo mwachindunji kutentha kwa pakati pa nyenyezi ya manyutroni. Amakuyerekeza kuchokera ku kutentha kwa pamwamba ndi ku msinkhu wa nyenyeziyo, ndipo chiwerengero cha ma axion otuluka chimasintha kwambiri kutenthako kukangosintha pang'ono. Choncho ngakhale chizindikirocho chitakhala cha axion, kudziwa makhalidwe ake enieni kuchokera ku nyenyezi zimenezi kungakhale kovuta.

N'chifukwa chake ndimaona kuti mbali ya nkhaniyi yokhudza nyenyezi zotchedwa white dwarf ndiyo yophunzitsa kwambiri, ngakhale siikopa anthu. White dwarf ndi chotsalira cha nyenyezi yapakatikati ngati dzuwa lathu, kukula kwake n'kofanana ndi dziko lapansi, ndipo kulemera kwake sikungapitirire kulemera kwa dzuwa kuchulukitsa ndi 1.4, malire amene adawerengera Subrahmanyan Chandrasekhar. Yodziwika kwambiri ndi Sirius B, imene imazungulirana ndi nyenyezi yowala kuposa zonse za usiku. Zina mwa nyenyezi zoterezi zili ndi maginito amphamvu, ngakhale ndi ofooka kwambiri poyerekeza ndi a nyenyezi za manyutroni, ndiye munthu angaganize kuti sizingathandize. Koma maginito akapyola muyeso amasintha mayendedwe a kuwala ngakhale m'malo opanda kanthu, ndipo kusinthako kumalepheretsa axion kusanduka X-ray pafupi ndi nyenyezi ya manyutroni, moti kusandukako kumachitikira kutali kumene maginito afooka kale. White dwarf ndi yaikulu kuposa nyenyezi ya manyutroni maulendo mazana angapo, ndiye kutalika kwa dera lake la maginito kumabweza zimene yataya pa mphamvu. Kuwonjezera apo, m'kati mwake timamumvetsa bwino, ndipo pamwamba pake m'pozizira moti siyenera kutulutsa X-ray yamphamvu ngakhale pang'ono. Chilichonse chooneka kumeneko chikadavuta kuchikana.

Mu 2019 Dessert, Andrew Long ndi Safdi adalongosola njirayi, ndipo adasankha nyenyezi yotchedwa RE J0317-853, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 100 kuti kutifike, yotentha kuposa zinzake zambiri, yolemera, ndiponso ya maginito a matesla masauzande makumi angapo. M'nyenyezi yotere ma axion akadapangidwa ndi maelekitironi akamapatutsidwa ndi mitima ya maatomu. Chandra idaloza kumeneko kwa maola pafupifupi 10, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2022: palibe X-ray imene idaoneka. Nkhani imeneyi sidamveke ngati ija ya 2021, pamene kwa ine ndi imene idasonyeza sayansi ikuyenda bwino. Anthu adanena poyera zimene akuyembekezera kuona ndi pamene akazione, adakayang'ana, sadazipeze, ndipo adalemba kuti sadazipeze. Kusapezako kudachotsa pa mndandanda mitundu ina ya axion imene kale inali yotheka, ndipo wofufuza wotsatira sadzatayanso nthawi pamenepo. Sikudatsutse mwachindunji chizindikiro cha ku Magnificent Seven, chifukwa ku white dwarf akuyesa mgwirizano wa axion ndi maelekitironi pamene ku nyenyezi za manyutroni akuyesa mgwirizano wake ndi manyutroni, koma kudachepetsa malo amene kanthuko kangabisale.

Tsopano tiyerekeze kuti mawa makina atsimikiza, popanda chikayiko, kuti X-ray ina yochokera ku nyenyezi yakufa ndi ya axion. Kodi dark matter yapezeka? Ayi. Ma axion amene asanduka kuwalako ndi atsopano, opangidwa ndi kutentha kwa nyenyeziyo, ndipo akuthamanga pa liwiro loyandikira la kuwala. Dark matter imene ikugwira milalang'amba ndi yakalekale, yozizira, yoyenda pang'onopang'ono. Kupeza mapazi a kambuku m'thengo kumatsimikiza kuti kambuku aliko m'deralo, koma sikutsimikiza kuti ndiye adagwira mbuzi imene yasowa m'khola. N'zotheka ndithu kuti axion iliko koma ndi gawo laling'ono chabe la dark matter, kapena si gawo lake n'komwe. Kudziwa kuti iliko kungakhale chinthu chachikulu, mwina chachikulu kuposa zonse zimene zapezeka pa sayansi ya tinthu ting'onoting'ono kuyambira pamene kanthu kotchedwa Higgs boson kadapezeka ku CERN mu 2012, koma kungakhale kuyamba kwa ntchito ina yoyeza kulemera kwake ndi kuwerengera ngati tinthu totero tidapangika tokwanira pa chiyambi.

Kufufuza kumene kumalunjika pa dark matter yeniyeniyo kudzera m'nyenyezi za manyutroni kulipo, koma kumachitika ndi mafunde a wailesi osati X-ray. Axion yozizira ili ndi mphamvu yochepa, ndiye ikasanduka kuwala pafupi ndi nyenyezi yotere imatulutsa mafunde a wailesi pa mzere umodzi wopapatiza, kutanthauza a mphamvu yofanana onse, ndipo malo a mzerewo akadatiuza kulemera kwa axion. Makina a Green Bank ku America ndi Effelsberg ku Germany agwiritsidwa kale ntchito pofuna mzere umenewu, ndipo sadaupeze. Pansi pano, makina a ADMX ku yunivesite ya Washington mu mzinda wa Seattle akuchita zofananazo m'kabokosi kachitsulo koziziritsidwa kwambiri kamene kali m'kati mwa maginito. Nkhani ikasakaniza njira ziwirizi ngati kuti ndi imodzi, wowerenga sangadziwe kuti chimene chayesedwa n'chiyani.

Kusamala kumene ndikupemphaku kuli ndi chifukwa cha m'mbiri yaposachedwa. Mu 2014 magulu awiri, lina lotsogozedwa ndi Esra Bulbul ndipo lina ndi Alexey Boyarsky, adalengeza kuti aona mzere wosadziwika wa X-ray pa 3.5 keV m'magulu a milalang'amba, kuphatikizapo la Perseus, ndiponso mu Andromeda. Ambiri adaganiza kuti ndi dark matter ikusweka, ndipo zolemba mazana ambiri zidatuluka zoyesa kufotokoza mzerewo. Setilaiti ya ku Japan ya Hitomi, imene inkasiyanitsa mizere ya X-ray mwaluso kuposa makina onse a nthawiyo, idayang'ana Perseus mu 2016 isanawonongeke itangotha mwezi umodzi m'mlengalenga, ndipo sidaone mzerewo pa mphamvu imene ena adanena. Mu 2020 Dessert, Nicholas Rodd ndi Safdi adafufuza m'mbali za thambo zopanda zowala zambiri, kumene dark matter ya mlalang'amba wathu ikadayenera kuonetsa mzerewo, ndipo sadaupeze. Ena adaonetsanso kuti maatomu a potaziyamu kapena a sulufule m'mpweya wotentha angathe kutulutsa kuwala pafupi ndi pamenepo. Ndikuona kuti n'koyenera kutchula kuti awiri mwa amene adathandiza kugwetsa chizindikiro cha 3.5 keV ndi omwewo amene adakweza cha ku Magnificent Seven, ndipo mwina n'chifukwa chake adalankhula za chawocho mochenjera.

X-ray ya kumwamba siifika pansi pano chifukwa mpweya wozungulira dziko umaimeza, ndiye funso lililonse pa nkhaniyi limadikira makina a m'mlengalenga, amene ndi ochepa, okalamba ndiponso olimbiranidwa. Chandra ndi XMM-Newton zonse zidaponyedwa mu 1999. NuSTAR, imene idaponyedwa mu 2012, imaona kuyambira 3 mpaka 79 keV, ndipo kuona X-ray yamphamvu chotero n'kothandiza chifukwa kuwala kwa ma axion kukadakwera n'kutsikanso motsatira kutentha kwa pakati pa nyenyezi, pamene kuwala kwa maelekitironi othamangitsidwa kumapitirira mwa mtundu wina. XRISM, imene idalowa m'malo mwa Hitomi mu 2023, ikuthandiza pa nkhani ya mizere. Pempho langa kwa inu a Mkonzi n'lakuti nkhani yotere ikadzafikanso pa tebulo panu, mudzafunse olemba anu kuti atiuze makina amene aona chizindikirocho, ngati makina ena osiyana nawo achionanso, ndiponso ngati chimene chayesedwa ndi kukhalapo kwa axion kapena dark matter ya mlalang'amba wathu, kenaka mutu wa nkhaniyo udzalembedwe molingana ndi mayankho amenewo.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda za kuthambo